KULIRA KWA M'KHUTU NDI CHENJEZO

Mau kwa asodzi, alimi ndi a zigayo a m'mbali mwa Nyanja ya Chilwa



Alipo ambiri pakati pathu amene khutu lao limalira usiku ngati nkhululu, chikhalirecho kunja kuli zii. Ena amati pali wina akuwadya miseche. Iai. Kawirikawiri kulirako ndi chizindikiro chakuti khutu layamba kuonongeka mwini wake asakudziwa.

M'kati mwenimweni mwa khutu muli kachiwalo konga nkhono, ndipo m'menemo muli timaubweya zikwi zambiri timene timatumiza mau ku ubongo. Phokoso lalikuru limagwetsa timaubweyati monga mphepo igwetsera mpunga ku Likangala. Tikafa, ubongo umasowa mau amene unazolowera, nuyamba kudzipangira kulira kwake.

Timayamba kufa ndi tija timamva mau aang'ono, monga a mbalame ndi a ana. Nchifukwa chake munthu amamvabe ng'oma, nayesa kuti ali bwino, koma pa msika wa ku Kachulu angokhalira kufunsa kuti, "Mwati bwanji?"

Nyanja yathu inauma mu 1968 ndi mu 1995, koma madzi anabwerera, matemba nabwereranso. Timaubweya ta m'khutu tikafa sitimeranso. Tsono mverani izi.

Choyamba, pewani phokoso. Mukamachita kufuula kuti mnzanu ali pafupi poti mungamgwire akumveni, phokosolo laposa muyeso. Anzathu a m'chigayo ndi oyendetsa maboti a injini opita ku Chisi, valani zotsekera m'makutu, thonje silikwanira. Pa ukwati musakhazike ana pafupi ndi chimkuzamau.

Chachiwiri, mankhwala ena amaliza khutu. Kwinini amatero, koma kulira kwake kumatha. Majekeseni monga streptomycin ndi gentamicin angathe kugonthetsa. Khutu likayamba kulira muli pa mankhwala, uzani dokotala msanga. Musawaleke pa inu nokha.

Chachitatu, musatokose khutu ndi nthenga kapena kamtengo ka machesi, ndipo musathiremo madzi a zitsamba. Mwana wotuluka mafinya m'khutu apite naye kuchipatala.

Chachinai, kulirako kukapanda kuleka, kapena kukakhala khutu limodzi, kapena kukadza ndi chizungulire, pitani kuchipatala chapafupi. Iwo angathe kukutumizani ku Chipatala Chachikuru cha Zomba, kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre kumene kuli makina oyesera makutu. Kuyesako sikupweteka, ndipo ofunika kachipangizo kothandiza kumva amauzidwa komweko. Wogontha mwadzidzidzi asagonetse, apite tsiku lomwelo.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Mukafika kumudzi mukauze anzanu amene sanabwere, makamaka anyamata a m'chigayo.