Wokhoma Msonkho Aone Buku



Makolo athu anakhoma msonkho wa nyumba zaka zambiri, koma m'bwalo la malamulo ku Zomba munalibe munthu wakuda kufikira caka ca 1949. Wowanenera anali mmishoni. Cifukwa cace anamanga mabungwe, kuyambira North Nyasa Native Association mu 1912, nawaphatikiza mu 1944, Levi Mumba ali patsogolo, kuti wokhoma msonkho amveke.

Lero Boma ndi lathu. Komatu mu 2013 ndarama za dziko zinaturuka ku Capital Hill kulipira katundu amene sanafike konse. Khoswe anatha cimanga pakuti eni nkhokwe sanasuzumiremo. Tsono lamulo lotilola kupempha makalata a Boma linayamba nchito mu 2020. Tikakhalabe cete, mlandu ndi wathu. Safunsa anadya phula.

Potero tipangane kuti pa msonkhano wa khonsolo mafumu athu afunse za ndarama za mijigo ndi masukulu: zinalowa zingati, zinagula ciani. Koma msungicuma wathu ayambe ndiye kuwerenga buku la bungwe lino pamaso pa onse, pakuti wobisa cace alibe pakamwa pofunsira ca mnzace.