Khansa ya m'mawere: ife achinyamata tiyezetse liti?

(Mawu amene membala mnzathu anayankhula pa msonkhano wa kalabu wa mwezi wa Okutobala)

Okutobala ndi mwezi wokumbutsana za khansa ya m'mawere, ndiye atsikana ambiri amafunsa kuti, kodi nafenso tikajambulitse? Ndayesa kufufuza, ndipo yankho lake ndi ili.

Kujambula mawere kuja amati mammogram, ndi X-ray yomwe imaona chotupa chisanayambe kumveka m'manja. Koma sanakonzere aliyense ayi. Bungwe la WHO limalimbikitsa amayi a zaka 50 mpaka 69 m'maiko omwe zipangizo zilipo zokwanira. Ku America, mu 2024, akatswiri a US Preventive Services Task Force anati aziyamba pa zaka 40, kamodzi pa zaka ziwiri zilizonse. Nanga ife a zaka 20? Ngati kwanu kulibe amene anadwalapo, ndipo simukumva chachilendo, mammogram sikufunika. Khansayi siigwira kawirikawiri pa msinkhu wathu. Komanso bere la mtsikana limakhala lolimba mkati, moti chithunzi sichioneka bwino. Mapeto ake munthu umangoda nkhawa ndi kuwononga ndalama pachabe.

Ndiye tingokhala? Ayi ndithu. Ntchito yathu ndi kudziwa mmene mawere athu amakhalira. Dziyang'aneni pagalasi, dzigwireni posamba, makamaka patapita masiku angapo mutamaliza kumwezi. Mukaona chotupa m'bere kapena m'khwapa, nsonga ya bere italowa mkati, magazi akutuluka kunsonga, kapena khungu litachita timaenje ngati la lalanje, pitani kuchipatala sabata yomweyo. Musadikire kuti chiwawe, poti chotupa cha khansa nthawi zambiri sichipweteka poyamba. Musaopenso, zotupa zambiri mwa atsikana si khansa, koma wotsimikiza ndi dokotala, osati anzanu pa WhatsApp. Akaona kuti m'pofunika, akutumizani kuzipatala zazikulu monga Queen Elizabeth kapena Kamuzu Central.

Ngati mayi anu kapena mchemwali wanu anadwalapo ali wamng'ono, inu nkhani yanu ndi ina. Auzeni adokotala, akuuzani nthawi yoyambira.

Vuto lalikulu kuno ku Malawi ndi lakuti amayi ambiri amafika kuchipatala matenda atafalikira kale. Ena amachita manyazi, ena amayamba kaye kwa asing'anga. Choncho mukafika kunyumba lero, mukacheze ndi amayi, azakhali ndi agogo. Akadandaula za chotupa, aperekezeni. Anyamata, musaseke, khansayi imagwiranso abambo ngakhale ndi ochepa, ndipo alongo anu akufunika muwalimbikitse.