Mwana Ndi wa Anthu Aŵiri

Amayi anzathu, ndi inu ana athu amene mwangotuluka kumene m'chikuta, mawu athu ndi ochepa.

Kuno kwa Njewa tonse tiidziŵa nyengo ya fodya. Mayi adzuka mbandakucha, atunga madzi, aphika, ndipo apita kukasoka fodya m'chigafa mwana ali kumbuyo. Madzulo bambo ali pa bawo pa Mpingu kufikira mdima. Tsiku la sikelo tipeza mwana watsika. Pamenepo tiyamba kuloza anthu chala, chonsecho vuto lili m'nyumba mwathu momwe.

Mayi wotopa sapeza nthaŵi yoyamwitsa mokwanira. Miyezi 6 yoyamba mwana afuna bere lokha, osati madzi kapena phala. Ikatha miyeziyo timuyambitse phala la mgaiwa lothira nsinjiro kapena soya, nayamwabe kufikira zaka 2. Mtedza timalima tokha, tisagulitse wonse.

Mukafika kwanu mukaŵauze abambo mofatsa kuti pakhomo pali ntchito zawo. Alime kadimba ka mpiru ndi bonongwe pafupi ndi nyumba, abzale papaya, amange thandala la mbale, apachike neti. Zikatha izi, yalani mphasa pakhonde, tsegulani wailesi, bambo anyamule mwana, mayi atambasule miyendo. Bawo silithaŵa, koma ukhanda subwerera.

Ifenso apongozi tisaseke mkamwini amene wabereka mwana kumbuyo kapena wapita kumjigo. Timuyamikire, pakuti mutu umodzi susenza denga.