Disiki ikamafa siitsanzika

Ena mwa inu mwakhala mukundifunsa kuti ndinkatani masiku atatu aja nditasegula kompyuta ya kalabu, timawaya tili mbwee patebulo. Lero ndikufotokozereni, chifukwa zimene zili m'kompyuta muja ndi zanu: mayina a mamembala, kaundula wa zopereka za pamwezi, zithunzi za tsiku lija tinakatola zinyalala kugombe, komanso lipoti limene tikuyenera kupereka kumapeto kwa mwezi uno.

Zonsezo zinali pa disiki imodzi yakalekale. Kutentha kwa kuno ku Mangochi mwezi wa Okutobala mukukudziwa, fumbi mukulidziwa, kuthimathima kwa magetsi nakonso. Disiki ikamafa siitsanzika. Ndiye ndinaganiza zoikamo yachiwiri kuti ziziyendera limodzi. Njirayi amaitcha RAID 1, ena amati mirroring. Zili ngati kubanki m'khonde kutakhala mabuku awiri, mlembi akalemba m'buku lina nthawi yomweyo alembenso m'linalo. Limodzi likang'ambika, linalo lilipo.

Kompyuta yathu ili ndi Linux, ndipo pulogalamu yogwira ntchitoyi ndi mdadm. Kuika pa kompyuta yatsopano n'kosavuta. Vuto limabwera pamene kompyutayo ili kale ndi zinthu, ngati yathuyi. Umayamba ndi disiki yatsopano yokha, malo a inzakeyo n'kulembapo mawu oti missing. Kenako umakopera zonse kupita ku yatsopanoyo, n'kutsimikiza kuti zafika. Pomaliza ndi pamene umaphatikiza yakale ija, ndipo ukangotero, zonse zimene zinali pa yakaleyo zimafufutika.

Apa ndi pamene ndinatsala pang'ono kukulirizani. Linux imatchula ma disiki kuti sda ndi sdb, koma mayinawa akhoza kusinthana ukazimitsa kompyuta n'kuyatsanso. Magetsi atathima n'kubwereranso, imene ndinkaidziwa kuti sdb inali itasanduka sda. Chala chinali kale pa Enter, anzanga. Ndikanangodina, ndikanafufuta disiki yolakwika, lipoti lathu n'kupita. Chimene chinandipulumutsa n'chakuti ndinali nditalemba papepala nambala ya disiki iliyonse, ija imadindidwa pa chikuto chake. Musamakhulupirire dzina, muziyang'ana nambalayo.

Vuto lachiwiri linabwera tsiku lotsatira. Ukalemba cat /proc/mdstat, kompyuta imakuuza mmene ma disiki alili. Ukaona UU, onse awiri ali bwino. Ine ndinaona U imodzi ndi kamzere. Mtima unagunda, ndimati disiki yafa. Ayi ndithu, kanali kawaya ka SATA kamene sikanalowe bwino. Nditakakankha n'kuibwezeretsa disikiyo, inatenga maola angapo kuti ifanane ndi inzake. Choopsa n'chakuti kompyuta imangogwirabe ntchito ngati palibe chavuta. Ukapanda kuyang'ana, ukhoza kutha miyezi ukuyendera disiki imodzi uku ukudzitama kuti uli ndi awiri.

Chachitatu, ndinati ndiyese. Ndinazimitsa kompyuta, n'kuchotsa dala disiki yoyamba. Kuyatsa, zii, sikirini yakuda basi. Mafayilo onse analipo pa yachiwiri, koma kapulogalamu kodzutsa kompyuta, kotchedwa GRUB, kanali pa yoyamba yokha. Kamafunika kuikidwa pa ma disiki onse awiri. Ndikanapanda kuyesa, tikanadzazindikira tsiku la tsoka lenilenilo.

Tsopano mverani ichi, ngakhale inu amene za makompyuta sizikukukhudzani. Ma disiki awiriwa amatiteteza ku chinthu chimodzi chokha, kufa kwa disiki. Wina akafufuta kaundula wa zopereka mwangozi, wafufutika konsekonse nthawi yomweyo. Vairasi ikalowa, yalowa konse. Mukukumbukira mmene nyanja inakwerera mu 2024, madzi n'kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo m'mbali mwa gombe? Madzi akalowa muno, ma disiki onse awiri ali m'bokosi limodzi, amira limodzi. Wakuba nayenso sasankha, amanyamula bokosi lonse.

Ndiye ndili ndi mapempho awiri. Loyamba, tisankhe munthu mmodzi amene Loweruka lililonse azikopera mafayilo athu pa flash n'kupita nayo kwawo, isamagone muno. Mafayilo ofunika kwambiri tiziwaikanso pa Google Drive tikakhala ndi bandulo. Lachiwiri, ndikufuna anthu awiri, makamaka atsikana chifukwa pa kompyuta paja timangounjikanapo anyamata, oti ndiwaonetse kuyang'ana UU uja. Sizitenga ngakhale mphindi ziwiri. Ine ndikudikira zotsatira za kumene ndinafunsira malo a sukulu, ndipo ndikachoka sindikufuna kuti nzeruyi ichoke nane.

Amene mwakonzeka, tionane pakompyuta pompano tikangotseka msonkhano.