Tiyambe Talondola Mawaya



Popeza tagwirizana zokonzetsa magetsi m'nyumba zogona ana athu, ndili ndi pempho limodzi. Tisanagule mababu ndi masoketi, tiyambe talemba munthu wodziwa ntchito kuti alondole waya uliwonse.

Mukukumbukira zimene tinaphunzira mu Physics: magetsi amabwera pa waya wamoto n'kubwerera pa waya wa neutral. Tsono m'nyumba zakale, zimene anthu akhala akuwonjezera zipinda, mizere iwiri ya magetsi imatha kubwerera pa neutral mmodzi. Mukazimitsa buleka ya mzere umodzi, mumayesa kuti moto watha. Koma mukangomasula neutral uja, nsonga yochokera ku mababu a mzere winawo imakhala ndi mavolti 230. Munthu akhoza kufa atazimitsa yekha buleka. Ndiponso m'nyumba ya mafezi atatu, neutral akaduka, zipangizo zina zimalandira mphamvu yoyandikira mavolti 400 n'kupsa.

Mtundu wa waya nawo musaukhulupirire. Nyumba zathu zakale zinatsata dongosolo la ku Britain: mawaya amoto anali ofiira, achikasu ndi abuluu, neutral anali wakuda. Mu 2004 Britain inasintha: amoto anakhala abulauni, akuda ndi otuwa, neutral n'kukhala wabuluu. Choncho m'bokosi losakaniza akale ndi atsopano, waya wakuda akhoza kukhala neutral kapena wamoto.

Nanga kalondoledwe kake n'kotani? Magetsi akuyaka, katswiri amapana waya wamoto ndi neutral wake pamodzi ndi clamp meter. Ngati ali a mzere umodzi, mita imawerenga ziro. Ikawerenga zina, ndiye kuti magetsi akubwerera njira ina. Akatero amazimitsa swichi yaikulu, n'kutsimikiza ndi tesita kuti moto watheratu. Kenaka amamasula ma neutral mmodzimmodzi, kuyesa kumene aliyense akupita, ndi kumulemba nambala yofanana ndi ya buleka yake. Pomaliza amajambula mapu n'kuwamata pa chitseko cha bokosi.

Ntchito imeneyi siwoneka, ndipo palibe adzaiwombere m'manja pa tsiku lopereka mphatso yathu. Koma amene adzatsegule bokosilo ife titapita ndi mwana wa munthu. Akuluakulu anati kuwona maso a nkhono n'kudekha. Ndikupempha komiti kuti ndalama yoyamba ipite kumeneko.