Kusankha Hita ya Magetsi ya Panyumba

Phunziro lathu la lero likunena za hita ya magetsi. Tengani pensulo ndi kope, pakuti m'katimu muli masamu pang'ono.

Mzinda wa Lusaka uli pamtunda, mamita oposa 1,200 pamwamba pa nyanja yaikulu ya mcere. N'cifukwa cake m'miyezi ya Juni ndi Julayi kumazizira kwambiri usiku ndi m'mamawa. Nyumba zambiri za m'makomboni a Kanyama, Matero, Chawama, Kalingalinga, Mtendere ndi George n'zomangidwa ndi mabuloko a simenti, zofoleredwa ndi malata, ndipo zina zilibe siling'i. Malata amatentha msanga masana, koma dzuwa likangolowa amazizira, ndipo cisanu cimalowa m'nyumba. Pa nyengo yotere makolo ena amapita kumasitolo a ku Kamwala kapena ku City Market kukafuna hita. Mwana amene amvetse bwino zimene tinene lero angathandize makolo ake kusunga ndalama, ndiponso kuteteza nyumba ndi moyo.

Coyamba kuyang'ana pa hita ndi nambala yolembedwa kumbuyo kapena pansi pake. Mudzaona manambala awiri. Ina ili ndi cilembo V, kutanthauza mavoti. Magetsi a m'nyumba zathu m'Zambia ndi a mavoti 230, motero hita yolembedwa 220 mpaka 240V ndi yoyenera. Inayo ili ndi cilembo W, kutanthauza mawati, ndipo imeneyi ndiyo imatiuza kuculuka kwa magetsi amene hitayo imadya. Pali za 400W, za 800W, za 1,200W ndi za 2,000W.

Mverani bwino apa. Hita iliyonse ya magetsi imasandutsa magetsi onse amene yadya kukhala kutentha. Mahita awiri a 1,000W amatulutsa kutentha kofanana, ngakhale imodzi ikhale yokongola ndi yodula, inayo yochipa. Tsono wogulitsa akanena kuti hita yake imatentha kwambiri koma sidya magetsi, musatengeke nazo. Walira mvula walira matope: wofuna kutentha kwambiri adzalipiranso kwambiri.

Tiyeni tiwerengere pamodzi. Makolo anu akagula magetsi a ZESCO, amagula mayuniti. Yuniti imodzi ndi magetsi amene cinthu ca mawati 1,000 cimadya pa ola limodzi. Hita ya 2,000W imadya mayuniti 2 pa ola. Ikayaka maola 3 madzulo alionse, ndi mayuniti 6 pa tsiku, ndipo pa masiku 30 ndi mayuniti 180. Nanga ya 800W? Pa maola 3 imadya mayuniti 2.4, ndipo pa masiku 30 imadya 72. Kusiyana kwake ndi mayuniti 108 pa mwezi umodzi. Dziwaninso kuti mtengo wa yuniti, umene umavomerezedwa ndi bungwe la Energy Regulation Board, umakwera pamene mayuniti ogulidwa m'mwezi umodzi aculuka. M'makomboni mabanja angapo kawirikawiri amakhala pa puloti imodzi ndi kugawana mita imodzi. Banja limodzi likayatsa hita yaikulu, mayuniti a onse amatha msanga, ndipo mkangano umabuka. Ndi ulemu kuyamba mwakambirana ndi mwini nyumba ndi anansi musanagule.

Caciwiri ndi mawaya a m'nyumba. Pulagi yoyenera ndi ija ya mano atatu, ndipo m'kati mwake muli fyuzi ya maampu 13. Lembani 13, culukitsani ndi 230. Mwapeza 2,990. Ndiye kuti pulagi imodzi singanyamule katundu woposa mawati pafupifupi 3,000. Mukalumikiza hita ya 2,000W ndi ketulo ya 2,000W pa ekisitenshoni imodzi, ndi mawati 4,000. Ngati fyuzi ili bwino, ingathe kuduka, ngakhale kuti si nthawi zonse pamene imaduka msanga. Koma ngati wina anacotsa fyuziyo n'kuikapo kawaya kapena kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya, cingwe cidzatentha, pulasitiki idzasungunuka, moto n'kubuka. Hita ikhale pa soketi yakeyake ya pakhoma. Musalowetse mawaya opanda pulagi m'soketi ndi kuwapanikiza ndi mitengo ya macisi. Pulagi ikatentha kapena soketi ikada, zimitsani, ndipo makolo aitane munthu wophunzira nchito ya magetsi.

Cacitatu ndi mtundu wa hita, pakuti ngakhale kutentha kukhale kofanana, kumene kumapita n'kosiyana. Hita ya ndodo zofiira imatenthetsa msanga munthu amene wakhala patsogolo pake, monga umo dzuwa licitira. Ndi yabwino m'nyumba yopanda siling'i, mmene mpweya wofunda umathawira kudenga, koma imaocha nsalu ndi zala za mwana wokwawa. Hita ya fani imauzira mpweya wofunda ndi kufunditsa kacipinda kakang'ono m'mphindi zocepa, koma zambiri ndi za mawati oculuka, ndipo fumbi likatseka maboo ake imatentha mopitirira. Hita ya mafuta, ija yokhala ndi nthiti zacitsulo, imacedwa kufunda ndipo ndi yodula, koma ilibe ndodo zoyaka, ndipo imasunga kutentha kanthawi ndithu itazimitsidwa. Imayenera cipinda cokhala ndi siling'i ndi citseko cotseka bwino.

Pogula funsani mafunso awiri, pakuti safunsa anadya phula. Kodi hitayi imazima yokha ikagwa pansi? Kodi ili ndi kacipangizo kochedwa thermostat, kamene kamaizimitsa cipinda cikafunda ndi kuiyatsanso cikazizira? Kacipangizo kameneka ndiko kamacepetsa mayuniti, cifukwa hita siyaka nthawi yonse. Muiyesere m'sitolo momwemo, ndipo risiti muisunge.

Mukafika nayo kunyumba, muiike pansi posalala, mita imodzi kutali ndi bedi, mipando ndi makatani. Musayanikepo yunifomu kapena matewera. Musaikhudze ndi manja onyowa, ndipo isalowe mosambira. Munthu wamkulu aizimitse anthu asanagone.

Pali ngozi ina imene ana a m'Lusaka ayenera kuidziwa. Magetsi ambiri a dziko lino amapangidwa ndi mphamvu ya madzi, makamaka ku Kariba pa mtsinje wa Zambezi ndi ku Kafue Gorge. Mvula ikacepa, monga m'zaka za 2015, 2019 ndi 2024, magetsi amagawidwa mosinthanasinthana. M'miyezi ina ya 2024 nyumba zambiri zinkalandira magetsi maola ocepa cabe pa tsiku. Magetsi akapita, hita imazima, koma siwici yake imakhalabe yotsegula. Akabwera pakati pa usiku, hitayo imayakanso popanda woiona, mwina bulangeti litagwerapo. Tsono magetsi akangopita, nchito yoyamba ndi kucotsa pulagi ya hita pakhoma.

Pa nthawi yotereyi mabanja ambiri amabwerera ku mbaula. Malasha akamayaka m'cipinda cotseka amatulutsa mpweya wakupha wochedwa carbon monoxide. Mpweya umenewu suoneka ndipo sununkha. Munthu angafe ali m'tulo. Mbaula ikakhala m'nyumba zenera likhale lotsegula, ndipo itulutsidwe panja anthu asanagone. Wina akamva mutu, cizungulire kapena mseru, mumutulutse panja msanga ndi kuthamangira naye ku kiliniki kapena ku cipatala capafupi, monga ca Kanyama, Matero kapena Chawama.

Kumbukiraninso kuti kutentha kosafuna ndalama kulipo. Pamene m'nyumba mulibe mbaula, tsekani mpata wa pansi pa citseko ndi saka lakale, kokani makatani dzuwa likalowa, yalani mphasa pa simenti, ndipo valani juzi ndi masokosi. Nyumba yosamalidwa motere ingafunde ndi hita yaing'ono.

Aphunzitsi, lembani pa bolodi mafunso awa. Hita ya 1,200W ikayaka maola 2 tsiku lililonse, idzadya mayuniti angati pa masiku 30? Kodi hita ya 2,000W ndi simbi yositira ya 1,200W zingakhale pa ekisitenshoni imodzi? Inu ana, mukafika kwanu pemphani munthu wamkulu akuonetseni nambala ya mawati pa simbi kapena pa ketulo yozimitsidwa, muilembe, ndipo mawa mubwere nayo kusukulu kuti muwerengere mayuniti ake pamodzi ndi anzanu. Tsalani bwino.