Tiipoti Ikayamba Kudontha: Maphunziro a Pamsonkhano wa ku Chia

Amene muli kumbuyoko sunthirani kuno kumthunzi, chifukwa zimene ndabweretsa lero ndi zofunika kuona ndi maso, kumva kokha sikukwanira.

Mwaona ndayala ziwiya zitatu pamkekapa: tiipoti yadothi yoyera iyi, mtsuko uwu, ndi ketulo yachitsulo iyo. Zonse zikudontha. Nkhaniyi sindinaiyambe ndine. Mwezi watha titamaliza za banki m'khonde, mayi wina ananditengera pambali n'kundionetsa tiipoti imene analandira paukwati wawo. Inali itang'aluka, ndipo bambo akunyumba anali ataimata ndi guluu wa m'kachubu uja timagula pagolosale. Funso lawo linali lakuti, kodi tiyi wa mmenemu tingamwebe? Ndinawayankha, koma pobwerera ndinaganiza kuti funsoli si la khomo limodzi. Kuno tiyi timamwa: m'mawa asodzi akamachokera kunyanja, pamaliro, pachinkhoswe, pofutulu mwezi wa Ramadan. Ndipo chiwiya chikawonongeka sitithamangira kutaya, ndalama yake ili kuti? Choncho tiyeni tiphunzire kukonza, koma kukonza kosadwalitsa ana athu.

Poyamba tidziwe chimene chimang'alula dothi. Kugwa pansi tonse tikukudziwa. Koma chimene ambiri sitichiganizira ndi ichi: m'mawa wa mwezi wa June, mwera ukuomba, tiipoti yagona pathandala usiku wonse yazizira, inu n'kuthiramo madzi ochokera pamoto ali gadugadu. Mkati mumafutukuka msanga, kunja kukadali kozizira, ndiye dothilo limakokana mpaka kuthetheka. Mumangomva kaphokoso kakang'ono, the! Mng'alu wayamba. Mankhwala ake ndi aulere: muziyamba mwathiramo madzi ofunda pang'ono, kuzunguza, kutaya, kenako otenthawo. Ndipo tiipoti yadothi yoyera ngati iyi saiteleka pamafuwa kapena pambaula. Ntchito yake n'kulandira madzi owira kale.

Tsopano tiyese chiwiya, monga amachitira amayi pogula mphika pamsika. Tamverani. Ndikagogoda kapu yabwinoyi ndi supuni ikulira ngwee, mawu ake akupitirira. Ndikagogoda tiipotiyi ikungoti pho. Dothi long'aluka silimalira. Mukamva choncho, itsukeni, iume bwinobwino, mudzazemo madzi n'kuikhazika papepala louma. Pakapita kanthawi muona pamene panyowa. Kenako yendetsani chikhadabo pamng'alupo. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse ya lero. Ngati chikhadabo chikungodutsa osakodwa, mng'alu uli ngati tsitsi, chiwiyacho chikhoza kupulumuka. Ngati chikhadabo chikulowa, kapena mukakanikiza mbali ziwirizo zikusuntha, kapena mng'aluwo wafika pachogwirira, chimenecho chatha ntchito ya tiyi. Ndibwereranso pamenepa.

Lamulo langa pokonza ndi limodzi, ndipo ndikupempha kuti mupite nalo kunyumba: chimene simungachiike m'kamwa, musamatire nacho mkati mwa chiwiya chodyera. Madzi otentha amasungunula zinthu pang'onopang'ono, ndipo chimene chasungunukacho chimathera m'mimba mwa amene akumwa.

Nanga zodyedwa zimene zimamata ndi ziti? Tili nazo m'nyumba zathu zomwezi. Agogo ali pano andichitira umboni: mphika watsopano ukachoka kwa woumba sitiyamba n'kuphikamo ndiwo. Timayamba tawiritsamo phala kapena gaga kuti timabowo tosaoneka ta m'dothi titsekeke. Nzeru yomweyo imagwiranso pamng'alu waung'ono. Ngakhale ku Japan, kumene amaphikira m'miphika yadothi mpaka lero, mphika watsopano kapena wong'aluka pang'ono amauphikira phala la mpunga kuti utsekeke. Ife kuno ku Nkhotakota mpunga tili nawo, kondowole tili naye, ndipo palibe amene sadziwa mmene kondowole amamatira m'manja.

Muzichita chonchi. Tsukani tiipoti ndi sopo ndi madzi otentha, muchotse litsiro lakuda la tiyi lija, kenako iume padzuwa masiku awiri. Mng'alu wonyowa sulandira kanthu. Phikani phala lamadzimadzi la ufa wa mpunga kapena wa kondowole, lopyapyala kuposa limene timapatsa mwana. Ndati ufa wa kondowole woviikidwa ndi kuumitsidwa bwino, osati chinangwa chowawa chongokumba kumene. Tenthetsani tiipoti ndi madzi ofunda, mutaye, muthiremo phalalo likadali lotentha mpaka lipitirire pamene pali mng'alu. Vindikirani, isiyeni igone mpaka m'mawa. Kukacha khuthulani, tsukuluzani mopepuka osakwecha, iumenso tsiku lathunthu, ndiye muyesenso papepala paja. Mwina mudzafunika kubwereza kawiri kapena katatu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Njira ina ndi ya mkaka, kwa amene angaupeze. Mumayala kansalu koyera pansi pa sefuliya, n'kugoneka tiipoti pamenepo, n'kuthira mkaka mpaka umize mng'alu. Moto ukhale wa makala ochepa, mkaka uzingonyeka osasefukira, kwa ola limodzi. Mukaphula musaitulutse, izizirire momwemo. Mu mkaka muli chinthu chomata chimene chimalowa mumng'alu n'kuuma. Koma ndinene zoona, ine njira imeneyi sindiikonda kwenikweni. Mkaka ndi wodula, ndipo ndi bwino ulowe m'mimba mwa mwana kusiyana n'kumiza tiipoti. Komanso kuno kumatentha, mkaka wotsalira mumng'alu ukapanda kuuma bwino umanunkha. Phala ndi lotsika mtengo ndipo limagwira chimodzimodzi.

Musandimve molakwa. Njira ziwirizi zimatseka kudontha, sizibwezera mphamvu ya dothi. Tiipoti yotere muziigwira ndi manja awiri, dzanja lina pansi ndi kansalu, ndipo mwana asaitumidwe. Ikayambanso kudontha, kapena ikayamba fungo, nthawi yake yakwana.

Tsopano zoletsedwa. Ndiyambe ndi guluu wa m'kachubu. Guluu ameneyu ndi wabwino pa nsapato ndi pa wailesi, koma sanapangidwire chakudya, ndiponso salimba m'madzi otentha. Amagwira lero, mawa, sabata yamawa, kenako tsiku lina amangolekerera osachenjeza. Palinso guluu wosakaniza mitundu iwiri, ndi zomatira zonga phula zimene amakanika amatsekera thanki ya galimoto. Zina mwa izo zimalimba zedi, koma ngati pachikutiro sanalembe kuti n'zololedwa kukhudza chakudya ndi madzi otentha, zisalowe mkati mwa chiwiya. Mukakayika, bweretsani chikutirocho tiwerengere limodzi, kapena funsani azaumoyo. Paja safunsa anadya phula.

Abambo a kudoko, apa ndikulankhula ndi inu. Phula lakuda limene mumamatira bwato ndi la bwato. Penti ndi wa bwato. Ndipo choopsa kuposa zonse ndi mtovu, uja timamangirira kuukonde ndi kumbedza kuti zimire, uja ena amachotsa m'mabatire akale a galimoto. Chifukwa choti susowa moto wambiri kuti usungunuke, anthu ena amadontheza pabowo la ketulo kapena la poto. Bowolo limatsekekadi. Koma mtovu ndi poizoni wosamveka kukoma, wosanunkha, ndipo sudwalitsa tsiku lomwelo. Umaunjikana m'thupi. Mwa mwana umaononga ubongo, mwana amakula wosagwira za kusukulu, wochepa magazi, ndipo zimene waonongazo sizibwerera. Kwa mayi woyembekezera umafika mpaka kwa mwana ali m'mimba. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'thupi umene tinganene kuti ndi wosavulaza. Ketulo yobooka pitani nayo kwa mmisiri wokhoma zidebe, mumuuze kuti aike chigamba chokhomerera ndi tizitsulo, osati kusungunulira mtovu. Mumufunse ndithu pamaso, ndi ufulu wanu.

Mtovu womwewu umapezekanso mu utoto wonyezimira wa mbale ndi makapu ena adothi, makamaka akalekale ndi ena a mitundu yowala kwambiri, yofiira, yachikasu, amene sitidziwa kumene anachokera. Chonyezimiracho chikayamba kusuwa, kukanganuka, kapena kutuwa ngati chawazidwa ufa, musamweremonso, makamaka zowawasa monga tiyi wa mandimu, thobwa logona, bwemba kapena malambe, chifukwa zowawasa ndi zimene zimakoka mtovuwo.

Tibwere ku mtsuko, umene kwa ine ndi wofunika kuposa tiipoti, popeza banja lonse limamwa mmenemo tsiku lililonse. Mtsuko umaotchedwa pamoto wa nkhuni, umene sufika ukali wa uvuni ngati wa ku Nkhotakota Pottery kapena ku Dedza Pottery, kumene moto umapitirira madigiri 1,000. N'chifukwa chake dothi la mtsuko limapuma, limachita thukuta kunja, ndipo thukuta limenelo ndi limene limaziziritsa madzi. Choncho mtsuko wonyowa kunja si wodontha, musaumate. Wodontha ndi umene ukusiya chithaphwi pansi. Ngati ndi kamng'alu kakang'ono, phula la njuchi, loyera bwino, lopakidwa kunja mtsuko uli wouma, limathandiza. Koma phula la njuchi limasungunuka pa madigiri ongopitirira 60 pang'ono, pamene madzi owira amayandikira 100, ndiye ndi la ziwiya za madzi ozizira basi, osati tiipoti, osati mphika.

Komabe pa mtsuko ndikufuna tiumitseko mtima. Tonse tikukumbuka kolera imene inayamba mu March 2022 n'kupitirira mpaka 2023. Inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo ife a m'mbali mwa nyanja sitinaimve pawailesi pokha, tinaiona. Mng'alu ndi nyumba ya tizilombo. Chinkhupule sichifikamo, sopo safikamo bwino. Mukhoza kuthira klorini m'madzi, koma ngati mtsuko uli ndi mng'alu wakuda wa litsiro, ndipo wakhala pansi pamene madzi a pabwalo amafika, mukusunga mdani m'nyumba. Mtsuko wa madzi akumwa ukang'aluka kwambiri, usintheni ntchito. Oumba tili nawo m'midzi yathu yomwe ino, ndipo mtengo wa mtsuko watsopano sungafanane ndi ulendo wa kuchipatala cha ku boma usiku.

Ndinalonjeza kubwerera ku chogwirira. Mwa zonse ndanena lero, ichi ndi chimene chimandisowetsa tulo. Chogwirira chikathyoka n'kumatidwa, chimaoneka ngati chagwira. Koma chimanyamula kulemera konse kwa madzi otentha, ndipo tsiku limene chidzalekerere ndi tsiku limene tiipoti ili yodzaza, ili m'mwamba, ana atazungulira mkeka kudikira tiyi. Ine ndinaonapo mwana wamng'ono atapsa pachifuwa ndi pamimba mwa njira yotereyi, ndipo mayi ake ankangobwereza mawu amodzi, akuti inali itagwira bwinobwino. Chonde, chogwirira chomata ayi. Ndipo ngozi ikachitika, thirani madzi ozizira oyera pamalo opsawo kwa mphindi 20, chotsani chovala ngati sichinamatirire pakhungu, phimbani ndi nsalu yoyera, thamangirani kuchipatala. Musapake dzira, mankhwala otsukira mano, mafuta ophikira kapena dothi, ndipo matuza musaboole.

Mwina wina akuti, nanga tiipoti ya ukwati wanga ndiitaye kudzala? Ayi mayi, sindinatero. Imateni ndi guluu yemwe uja kunja kwake, muiike pashelefu, muzisungiramo singano, mabatani, makiyi, kapena mudzalemo duwa. Mphika wong'aluka umasunga mbewu zouma. Ukasweka, phale lake timakazingira chimanga ndi mtedza, timamwetsera nkhuku, ndipo oumba ena amasinja mapale n'kusakaniza ndi dongo latsopano kuti mbiya isathetheke pamoto. Chokhacho, zidutswa za dothi loyerali ndi zakuthwa ngati botolo. Zikwirireni mozama, pakuti ana athu amayenda opanda nsapato. Komanso chiwiya chilichonse chimene mwachipumitsa panja chikhale chovundikira, chisasunge madzi a mvula, udzudzu wa kuno ku Chia ndi wokwanira kale.

Ndaona dzanja kumbuyoko. Inde bambo, mwafunsa za simenti. Simenti ayi. Siigwira bwino padothi losalala, imagumuka ndi kutentha, ndipo tizidutswa take timathera m'kapu. Mayi uko mwafunsa ngati sopo wopaka pamng'alu angathandize. Amatseka kwa tsiku limodzi pa ndowa yochapira, koma m'madzi otentha amasungunuka, ndiye mudzamwa tiyi wa sopo.

A mfumu, ndi chilolezo chanu, Lachinayi likudzali ndidzabweranso pansi pa mtengo pomwe pano dzuwa likapendeka. Aliyense amene ali ndi chiwiya chodontha abwere nacho chotsuka ndi chouma, masiku awiri padzuwa monga ndanenera. Amayi a komiti ya zaumoyo, ndikupempha mbaula imodzi, sefuliya yaikulu ndi ufa wa kondowole wokwana mbale imodzi. Ine ndidzabweretsa mapepala oyesera. Tidzagogoda chimodzichimodzi, tidzasiyanitse zopulumuka ndi zopuma, ndipo phala loyamba tidzaphikira limodzi pompano. Amene muli ndi maketulo omatidwa kale ndi mtovu, musadikire Lachinayi, lekani kuwiritsiramo kuyambira madzulo ano.